Russell Wilson anachoka ku Denver, koma madola 85 miliyoni anatsala m'buku

Mu Malichi 2024 timu ya mpira wa ku America ya Denver Broncos inachotsa wosewera wake Russell Wilson, yemwe inali itamutenga ku Seattle mu 2022 n'kumupatsa kontrakiti ya madola pafupifupi 245 miliyoni. Bamboyo ananyamula katundu wake ulendo wa ku Pittsburgh. Koma m'mabuku a Denver dzina lake silinafufutike. Timuyo inayenera kuwerengera madola 85 miliyoni pa munthu amene sakuisewereranso: 53 miliyoni mu 2024, ndipo 32 miliyoni yotsalayo mu 2025. Ku America ndalama zoterezi amazitcha dead money, ndalama zakufa.

Ntchito yanga ndi yowerengera ndalama, ndipo pa mpira wa ku America, uja wa zisoti ndi mpira wooneka ngati dzira, chimene chimandikopa kwambiri ndi mabuku ake. Chaka chilichonse ikafika Malichi mumamva kuti timu yakuti "yakonzanso" kontrakiti ya wosewera wakuti ndipo "yapulumutsa" madola 16 miliyoni. Mawu akuti kupulumutsawo ndi amene amasokoneza anthu. Palibe tambala imene yapulumuka.

Ligi yaikulu ya mpirawu, NFL, ili ndi matimu 32, ndipo onse ali ndi malire amodzi a ndalama zimene angawerengere pa osewera m'chaka, omwe amatchedwa salary cap. Malirewa anayamba mu 1994 ali pa madola 34.6 miliyoni, ndipo mu 2025 anafika pa 279.2 miliyoni. Amawerengedwa kuchokera pa ndalama zimene ligi imapeza, makamaka za wailesi yakanema, potsatira mgwirizano wa eni matimu ndi bungwe la osewera la NFLPA, umene umapatsa osewera pafupifupi 48 peresenti. Kudumpha malirewo n'kosaloledwa, ngakhale mwini timu akhale mpondamatiki wotani. Chaka cha ligi chikamayamba pakati pa Malichi, timu iliyonse iyenera kukhala pansi pake.

Nkhani yonse yagona pa kusiyana kwa ndalama imene yalowa m'thumba la wosewera ndi ndalama imene yalembedwa m'buku la ligi. Malipiro wamba a chaka amalembedwa onse m'chaka chomwecho. Bonasi yosainira kontrakiti ndiyo ili ndi lamulo lakelake: wosewera amailandira pompopompo, koma m'buku imagawidwa mofanana pa zaka za kontrakitiyo, osapitirira zisanu.

Tiyerekeze wosewera amene chaka chino alandire madola 21.2 miliyoni, ndipo kontrakiti yake yatsala ndi zaka zinayi kuphatikiza chino. Timu itenga 20 miliyoni pa malipirowo n'kuisandutsa bonasi, n'kusiya 1.2 miliyoni, chifukwa pali malipiro ochepetsetsa amene sangatsitsidwenso. Ikagawa 20 miliyoniyo pa zaka zinayi, ndiye kuti 5 miliyoni pachaka. Chaka chino m'buku mulowa 6.2 miliyoni m'malo mwa 21.2. Malo a 15 miliyoni atseguka, timu ikhoza kugula osewera ena awiri kapena atatu. Koma zaka zitatu zikubwerazo chilichonse chalemedwa ndi 5 miliyoni yowonjezera. Katundu ndi yemwe uja, angomuchotsa pamutu n'kumuika pamsana.

Akatswiri a mabukuwa anaona kuti lamulo likulola zaka zisanu, ndiye anayamba kuphatikiza zaka zongolemba papepala, zimene amazitcha void years. Aliyense akudziwa kuti wosewerayo sadzasewera chaka chachisanucho, kontrakiti idzathetsedwa yokha chisanafike. Ntchito ya chakacho ndi kungonyamula gawo la bonasi basi. Pa chitsanzo chathu chija, 20 miliyoni igawidwa pasanu, 4 miliyoni pachaka, ndipo malo otseguka akwera kufika 16 miliyoni. Tsiku limene kontrakiti yatha, zonse zimene zinaikidwa pa zaka zabodzazo zimagwera pamodzi. Katswiri Tom Brady atapuma mpira, timu yake ya Tampa Bay inasenza madola pafupifupi 35 miliyoni mu 2023 mwa njira imeneyi, iye ali kunyumba.

Nanga wosewera amavomereranji? Sataya kanthu, ndipo kunena zoona amapindula. Ndalama imene akanailandira pang'onopang'ono nyengo yonse aitenga msanga, ndipo kumuchotsa kumadula kwambiri kuposa kale. Makontrakiti ambiri masiku ano amalembedwa kale kuti timu ikhoza kuchita zimenezi popanda kumufunsa. N'chifukwa chake ndimaseka ndikaona ochemerera akutamanda wosewera kuti wadzipereka chifukwa cha timu. Kudula malipiro kwenikweni kulipo, koma ndi nkhani ina, ndipo kumachitika kwa amene mphamvu zayamba kumuthera, timu itamuuza kuti avomere kapena aone msewu.

Ena amati imeneyi ndi katapila. Ine sindivomereza, chifukwa katapila amadya munthu ndi chiwongoladzanja, pomwe apa mulibe. Wakankha 16 miliyoni, udzalipira 16 miliyoni yomweyo. Komanso malire amakwera pafupifupi chaka chilichonse: 208.2 miliyoni mu 2022, 224.8 mu 2023, 255.4 mu 2024. Madola 4 miliyoni amene lero akuoneka olemera, pakatha zaka zitatu amakhala kagawo kochepa ka malire akuluwo. Wowerengera ndalama aliyense angakuuzeni kuti ngongole yopanda chiwongoladzanja, pamene ndalama zolowa zikukwera, ndi yabwino kuitenga. Howie Roseman, mkulu woyendetsa timu ya Philadelphia Eagles, wamanga timu yake pa nzeru imeneyi, kuphatikiza kontrakiti ya wosewera Jalen Hurts ya madola 255 miliyoni ya mu 2023, ndipo mu Febuluwale 2025 anatenga Super Bowl, chikho chachikulu cha ligiyi. Chofunika n'chakuti mwini timu akhale wokonzeka kutulutsa ndalama zenizeni msanga, ndipo si onse amene amafuna kutero.

Vuto limabwera malo awiri. Loyamba ndi pamene malire sanakwere. Mliri wa Covid utatseka mabwalo, malire anatsika kuchoka pa 198.2 miliyoni mu 2020 kufika pa 182.5 mu 2021. Timu ya New Orleans Saints, imene pansi pa mkulu wake Mickey Loomis inazolowera kukankha ngongole pofuna chikho china katswiri wake Drew Brees asanapume, inapezeka itapitirira ndi madola pafupifupi 100 miliyoni. Inatsikamo ndithu, pochotsa ena ndi kukonzanso makontrakiti a otsalawo, koma kwa zaka zingapo zotsatira chaka chilichonse inkayenera kubwereza zomwezo. Ukakonzanso kontrakiti ya munthu wazaka 33 chifukwa chakuti kumuchotsa n'kodula kuposa kumusunga, ndiye kuti buku ndi limene likusankha timu, mphunzitsi akungolandira.

Lachiwiri, ndipo ndi lalikulu, ndi thupi la munthu. Pepala limati zaka zisanu, bondo silinasaine. Wosewera akachotsedwa, kugulitsidwa kapena kupuma, bonasi yonse imene sinalembedwe imathamangira m'chaka chomwecho. Wosewera wa m'chitsanzo chathu chija akachotsedwa patangotha chaka chimodzi, 16 miliyoni igwa nthawi imodzi. Atlanta inasenza 40.5 miliyoni itagulitsa Matt Ryan ku Indianapolis mu 2022, ndipo panthawiyo anthu ankati zafika posauzana. Cleveland inapatsa Deshaun Watson madola 230 miliyoni pa zaka zisanu, yonse yotsimikizika, n'kumaikonzanso chaka ndi chaka. Iye anaimitsidwa masewero 11 mu 2022, anavulala phewa mu 2023, ndipo mu Okutobala 2024 mtsempha wa kuchitendene unaduka. Kukonzanso kulikonse kunkangokulitsa mulu wodikira kutsogolo.

Ligi inasiya kachitseko kamodzi kopumira. Wosewera akachoka pambuyo pa 1 Juni, ndalama zakufa zimagawidwa pa zaka ziwiri, ndipo timu iliyonse imaloledwa kuchotsa osewera awiri mu Malichi n'kuwawerengera ngati achoka mu Juni. Denver inadutsira pomwepo pa nkhani ya Wilson, n'chifukwa chake 85 miliyoni ija inagawika pawiri. Mu 2024 iye ankasewerera Pittsburgh pa malipiro a madola 1.2 miliyoni okha, popeza Denver inali ikumulipirabe pafupifupi 38 miliyoni imene inamulonjeza.

Ambiri ankayembekeza kuti Denver ikhala pansi zaka ziwiri kudikira ngongole ithe. Chaka chomwecho inapambana masewero 10 mwa 17 n'kulowa m'ndime ya chipulula koyamba kuchokera pa nyengo ya 2015. Inatha kutero chifukwa cha lamulo lina la mu 2011, lomwe limaika malire pa malipiro a osewera ongochoka kukoleji. Pamalo a Wilson panalowa Bo Nix, wongochoka kukoleji, amene kontrakiti yake yonse ya zaka zinayi ndi madola pafupifupi 18.6 miliyoni.