Mnzanu Wakuuzani, Inde, Koma Anapitako Liti?

Olemba nkhani za maulendo kuno ku Blantyre masiku ano amathandizana, ndipo zimenezi n'zabwino. Wofuna kupita ku Likoma amafunsa amene anapitako, wina amapatsa mnzake nambala ya woperekeza alendo ku Mulanje, wina amatsina khutu anzake za mkonzi wochedwetsa malipiro. Chimene chatitopetsa ife akonzi n'chimodzi: zomwe wolemba wangomva kwa mnzake akuziika m'nkhani ngati waziona ndi maso ake. Mukamufunsa kuti mtengo wa chipinda walembawu wautenga kuti, amati anamuuza mnzake amene anagonako. Anagonako liti? Apo ndiye kuli zii.

Tsiku ndi lofunika chifukwa zinthu kuno sizikhalitsa. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mtengo wa minibasi ya ku Limbe kupita ku Chitakale, wa chipinda ku Zomba kapena wa boti ku Cape Maclear umene munthu analipira izi zisanachitike ndi mbiri yakale chabe. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anakokolola misewu ndi milatho ku Mulanje, Phalombe ndi madera ena a kummwera, moti amene anadutsa njira ina chaka cha 2022 sangakuuzeni momwe ilili lero. Za viza ndiye musayerekeze n'komwe kudalira zakumva. Mu Febuluwale 2024 boma linachotsa viza kwa nzika za maiko 79, ndipo lamulo lotere limasintha ndi chikalata chimodzi. Funsani a Immigration sabata imene mukutumiza nkhaniyo.

Mnzanu akakupatsani langizo, mufunseni mwezi ndi chaka chimene anapitako. Mufunsenso ngati analipira yekha kapena anachita kuitanidwa, chifukwa mlendo woitanidwa amagonekedwa m'chipinda choyang'ana kunyanja ndipo jenereta salimva kuzima. Ndiye pali nkhani ya mtengo. Ku Majete ndi ku Liwonde Mmalawi, mlendo wokhala m'dziko muno ndi mlendo wochokera kunja salipira zofanana pachipata, koma wolemba amangoika mtengo umodzi osanena kuti ndi wa ndani. Mukamva zonsezi imbani foni kumaloko, lembani m'kope tsiku limene mwaimba ndi udindo wa amene wakuyankhani, ndipo m'nkhanimo nenani mwezi umene mtengowo unali choncho. Ilala yakhala ikuyenda panyanja kuyambira 1951 ndipo ndandanda yake ilipo, koma mwera ukavuta kapena injini ikafuna kukonzedwa ndandandayo siigwira ntchito. Musauze wowerenga kuti akatsika sitima ku Monkey Bay lero mawa akakwera ndege ku Chileka. Msiyireni masiku awiri.

Zamitengo zikalakwika munthu amangodandaula. Langizo limene limandisowetsa mtendere ndi la Sapitwa, nsonga yayitali kwambiri ya phiri la Mulanje, loti munthu wamphamvu atha kukwera ndi kutsika tsiku limodzi, ndipo woperekeza n'kungotaya ndalama. Limayenda pakamwa ndi pakamwa mpaka wina alilemba. Sapitwa ndi wamtali mamita 3,002. Ambiri amanyamuka ku Likhubula, nakagona ku kanyumba ka ku Chisepo, m'mawa mwake n'kuyamba chitunda chomaliza chimene chimatenga maola atatu kapena anayi kukwera kokha, malo ena mokwawa pamiyala ndi kudutsa m'mapanga. Chiperoni chikabwera, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, nkhungu imatseka phiri kanthawi kochepa, miyala imaterera, kuzizira kumalowa m'mafupa, ndipo zizindikiro za njira sizioneka ngakhale zili pafupi. Mu 2003 mtsikana wa ku Netherlands anakwera yekha ndipo sanapezekenso. Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil anasiya womuperekeza m'munsi nakwera yekha. Thupi lake linapezeka patatha pafupifupi masabata atatu. Amene anakwera tsiku lowala n'kubwerako bwino sakunama akamati zinali zophweka. Vuto n'lakuti wowerenga nkhani yanu sadzakwera tsiku lomwelo.

Nambala za operekeza zimene mumagawana nazonso zimafuna maso. Minibasi ikangoima pa Chitakale kapena pa boma pamabwera anyamata odzitcha ma guide, ena mwa iwo kumtunda kwenikweni sanafikeko. Operekeza ndi onyamula katundu ovomerezeka amapezeka kudzera ku ofesi ya zankhalango ku Likhubula. Lembani ofesiyo m'nkhani mwanu, osati nambala ya munthu mmodzi imene mwangopatsidwa, chifukwa nambala zimasintha eni ake ndipo mlendo akatumiza ndalama pasadakhale dzina lodetsedwa ndi lanu.

Langizo lina loipa ndi la likodzo, ndipo ili ndalimva mpaka khutu kuwawa: ukasamba m'nyanja, gula mapiritsi a praziquantel umwe tsiku lonyamuka, basi watetezeka. Si choncho. Tizilombo ta likodzo timachokera mu nkhono za m'madzi, makamaka m'malo osaya a bango ndi udzu pafupi ndi midzi, ndipo timalowa kudzera pakhungu. Mankhwalawa amapha tizilombo tokhwima, pamene tating'ono timene tangolowa kumene satipha bwino. N'chifukwa chake madokotala amadikira masabata osachepera 6 mpaka 8 kuchokera tsiku lomaliza kukhudza madziwo, ndipo mlingo wake amauwerengera malinga ndi kulemera kwa munthu, osati piritsi limodzi kwa aliyense. Womwa msanga amabwerera kwawo mtima uli m'malo, chonsecho tizilombo tikukula, ndipo pakapita miyezi amayamba kukodza magazi osadziwa gwero lake. Wolemba za maulendo si dokotala. Nenani kuti likodzo m'nyanjamo lilipo m'malo ena, ndipo amene wasambamo akayezetse kuchipatala nthawiyo ikakwana. Malungo nawonso chimodzimodzi: mlendo akatentha thupi pochokera ku Chikwawa kapena ku Mangochi akayezetse magazi tsiku lomwelo, asamwe Panado n'kudikira kuti aone mawa.

Kuchedwa kulemba kumawononganso nkhani zabwino. Wolemba amabwera ku Satemwa kapena ku Kapichira, kope n'kuliponya m'chikwama miyezi inayi, tsiku lolemba akayiwala amayamba kufunsa anzake kuti adzaze mipata. Lembani madzulo a tsiku lomwelo: nthawi yonyamuka ndi yofika, mtengo weniweni, dzina la malo monga lalembedwera pachikwangwani, ndipo jambulani lisiti. Zaka ndi maina fufuzani pamalo oyenera. Mandala House inamangidwa mu 1882, tchalitchi cha St Michael and All Angels pakati pa 1888 ndi 1891, koma zaka zimenezi zimalembedwa molakwika chonsecho laibulale ya Society of Malawi ili mu Mandala House momwemo, pafupi ndi pakati pa tauni.

Akathyali nawo adziwa kuti olemba achinyamata amalakalaka ulendo waulere. Uthenga umafika kudzera mwa mnzanu amene nayenso anangoulandira: malo ogona akunyanja akufuna olemba khumi, mipata ikutha, tumizani ndalama yolembetsera pafoni lisanalowe dzuwa. Malo amene akuitanadi wolemba samulipiritsa kuti alembetse. Pezani nokha nambala ya malowo, osati imene ili mu uthengamo, mufunse ngati akudziwa za ulendowo ndi dzina la amene akuukonza. Akakhala oona, pemphani kalata yonena masiku, amene akulipira mayendedwe ndi chakudya, komanso ngati akuyembekeza kuona nkhaniyo isanatuluke. Akafuna kuiona, kanani. Mkonzi wanu muuzeni musananyamuke kuti ulendowo ndi wolipiriridwa, chifukwa nyuzipepala zina sizitenga nkhani zotere ndipo zina zimafuna mzere wonena zimenezo pansi pa nkhaniyo.