Impso zikafooka, mlingo wa mankhwala a shuga uyenera kuunikidwanso

Amayi ena achikulire a ku Mufakose, mumzinda wa Harare, anafika nawo ana awo kuchipatala mbandakucha, thukuta lili kamukamu, akunjenjemera, osazindikira n'komwe amene awanyamula. Anawo anadabwa kwambiri, popeza kwa miyezi ingapo shuga wa amayi awo ankaoneka wotsika bwino, ndipo mapiritsi a glibenclamide ankamwa mosadumphitsa monga mwa zaka zonse. Titayeza magazi tinapeza kuti impso zawo zinali zitafooka.

Impso ndizo zimasefa mankhwala ambiri a shuga n'kuwatulutsira mumkodzo, choncho zikayamba kulephera, mankhwala amene munamwa dzulo amakhala akadali m'magazi pamene mukumeza a lero. Glibenclamide amaopsa kwambiri pamenepa, chifukwa amatha kutsitsa shuga mopitirira muyezo kwa maola ambiri, ndipo n'chifukwa chake timakonda kumusintha ndi mapiritsi ena a shuga otchedwa gliclazide. Insulin nayenso amachedwa kutha m'thupi, moti wodwala wobaya jakisoni angafunike mlingo wocheperapo kusiyana ndi kale. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti mabanja amasangalala shuga akayamba kutsika popanda chifukwa chodziwika, pamene nthawi zina chimenecho ndi chizindikiro cha impso zodwala.

Pa metformin, mapiritsi enanso a shuga, timatsogozedwa ndi nambala yotchedwa eGFR, imene imasonyeza mphamvu ya impso ndipo imawerengedwa kuchokera ku creatinine, chinyalala cha m'magazi chimene impso zimachotsa. Nambalayi ikakhala pakati pa 30 ndi 45, timachepetsa mlingo kuti usapitirire 1000 mg patsiku, ndipo ikatsika pansi pa 30 timawasiyitsa ndithu, popeza akaunjikana m'thupi amatha kuchulukitsa asidi m'magazi, vuto limene silichitika kawirikawiri koma limapha. Ngakhale amene impso zawo zili bwinoko ayenera kuyamba aleka metformin akamasanza kapena kutsegula m'mimba, mpaka atayambanso kudya ndi kumwa bwino. Ife amene tinaona kolera ku Glen View ndi ku Budiriro, ku Harare komweko, mu 2018 tikudziwa mmene madzi amathera msanga m'thupi la munthu.

Alipo mankhwala atsopano, monga empagliflozin ndi dapagliflozin, amene amachedwetsa kuwonongeka kwa impso, ngakhale mtengo wake umalepheretsa ambiri. Pakakhala mpata, funsani adokotala ngati angakuyenereni.

Ndidandaulenso za ibuprofen ndi diclofenac, amene anthu amagula kufamase msana kapena mawondo akamawawa, osadziwa kuti akuwonjezera katundu pa impso zolema kale. Paracetamol ndi amene amakhala wabwinoko kwa odwala otere.

Yezetsani magazi a impso ndiponso mkodzo kamodzi pachaka, kapena pafupipafupi ngati nambala yanu yatsika kale. Popita kukliniki tengani m'kathumba mankhwala onse amene mukumwa, kuphatikizapo azitsamba ndi amene achibale amakutumizirani kuchokera ku Johannesburg kapena ku Blantyre, kuti namwino awaone ndi maso ake, ndipo mupemphe kuti eGFR yanu ailembe m'buku lanu la kuchipatala.