Mankhwala opaka a dazi: werengerani chaka chonse musanagule botolo loyamba

Mwa mankhwala onse opaka pamutu amene akutsatsidwa pa Facebook ndi pa WhatsApp kuti amathetsa dazi, amene ife a zamankhwala tingawaikire kumbuyo ndi amodzi okha, dzina lake minoxidil. Amagwiradi ntchito, ngakhale si pa aliyense. Koma mwamuna akafika pa kauntala ya famase n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Achimwene, omeretsa tsitsi aja alipo?", ine ndisanatchule mtengo ndimayamba ndamufunsa ngati angathe kugula botolo mwezi ndi mwezi, chaka chino, chaka chamawa ndi zaka zotsatira. Ambiri amadabwa nalo funsoli. Amakhala abwera ndi maganizo oti apaka mwezi umodzi, tsitsi limera, nkhani yathera pomwepo.

Dazi la amuna silibwera chifukwa cha chipewa, kusenza katundu, kuganiza kwambiri kapena mashini a kubaba. N'lakumtundu, ndipo limatha kuchokera kuchimuna kapena kuchikazi, choncho poyang'ana mutu wa bambo anu muyang'anenso wa amalume. M'thupi la mwamuna aliyense gawo lina la testosterone, homoni ya umuna, limasanduka chinthu china champhamvu kwambiri chotchedwa DHT. Mwa amuna ena, mizu ya tsitsi la pamphumi ndi paliwombo imafooka ikakumana ndi DHT ameneyu. Mwachibadwa tsitsi lililonse limakula kwa zaka 2 mpaka 6, n'kupuma pafupifupi miyezi itatu, kenaka limathothoka kuti lina limere pamalo omwewo, n'chifukwa chake kutaya tsitsi 50 mpaka 100 pa tsiku si vuto. Pa munthu wa dazi nthawi yokulayo imanka ifupikirafupikira. Tsitsi lolowa m'malo limabwera lopyapyala ndi lalifupi kuposa loyamba, lotsatira n'kuchepanso, mpaka pangotsala kaubweya kooneka pokhapokha mutu ukawombedwa ndi dzuwa. Mizu ya m'mbali ndi ya kunkhongo ilibe nazo ntchito za DHT. Ndiye chifukwa chake madala a dazi lalikulu amakametabe m'mbali.

Minoxidil sanapangidwire tsitsi. Kampani ya Upjohn ya ku America idawatulutsa ngati mapiritsi a BP yovuta kutsika, ndipo adaloledwa mu 1979 ndi dzina loti Loniten. Madokotala adaona kuti odwala omwa mapiritsiwa akumera ubweya pankhope ndi m'mikono. Apa m'pomwe padachokera ganizo lowasungunula kuti azipakidwa pamutu. A mphamvu ya 2% adaloledwa mu 1988 ndi dzina loti Rogaine, a 5% mu 1997. Ku South Africa ndi ku Britain amatchedwa Regaine. Masiku ano makampani ambiri, kuphatikizapo a ku India, amapanga minoxidil yemweyo ndi mayina awoawo. Kafukufuku wina wa mu 2002, wa amuna 393 omwe adatsatiridwa kwa milungu 48, adapeza kuti a 5% amameretsa tsitsi lochuluka ndi 45% kuposa a 2%. Mwamuna agule a 5%, pokhapokha ngati khungu lake likukana.

Mankhwalawa salimbana ndi DHT ngakhale pang'ono. Amangotsegula timitsempha ta magazi tozungulira muzu, kudzutsa mizu yomwe inali pa mpumulo, ndi kutalikitsa nthawi yomwe tsitsi limakhala likukula. Chomwe chimayambitsa dazi chimakhala chilipobe, chikungodikira. Mukasiya kupaka, pakatha miyezi itatu kapena inayi tsitsi lonse lomwe mankhwala amaligwirizira limathothoka, mutu n'kufika pomwe ukadafika mukadapanda kuyamba n'komwe. Tsitsi la minoxidil n'lalendi: mwezi womwe mwasiya kulipira, mwininyumba amayamba kutulutsa katundu.

Tsono tiwerengere. Mlingo wolembedwa pabotolo ndi 1 ml m'mawa ndi 1 ml madzulo. Botolo lodziwika kwambiri ndi la 60 ml, kutanthauza kuti limatha mwezi umodzi ndendende, ndipo pa chaka mufunika mabotolo 12. Mtengo uliwonse womwe wogulitsa wakuuzani, uchulukitseni ka 12 musanapise m'thumba. Tingoyerekeza kuti botolo akuti K25,000; pa chaka ndi K300,000, ndipo pa zaka zisanu mwafika pa miliyoni ndi theka ngakhale mtengo utaima pamodzimodzi. Koma suima. Mankhwalawa amachokera kunja, amagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo tonse tikukumbuka zomwe zidachitika m'mashopu kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25% mu May 2022 ndi 44% mu November 2023. Palinso nthawi zomwe katundu amangosowa, mufunse mu Zomba muno mulibe, mpaka mutume munthu ku Blantyre, apo mwaonjezerapo ya thiransipoti. Ku chipatala cha boma musayembekezereko botolo laulere. Ndalama za mankhwala kumeneko zili ndi malungo, shuga ndi BP zoti zithane nazo.

Amene ndimamumvera chisoni ndi wogula mabotolo awiri n'kusiya. Ameneyu ndalama wataya, phindu sanalione, ndipo amachoka akunena kuti mankhwalawo ndi abodza. Chomwe chimachitika n'choti pa milungu iwiri mpaka isanu ndi itatu yoyambirira tsitsi limathothoka kwambiri kuposa kale, chifukwa mizu yodzutsidwa ija imakankha tsitsi lakale kuti latsopano lipeze malo. Munthu akaona tsitsi pa pilo ndi m'beseni amachita mantha n'kutaya botolo, pamene kumeneko ndiye kuyamba kwa ntchito. Kusintha kooneka ndi maso kumayamba patatha miyezi inayi, ndipo chigamulo choti akuthandizani kapena ayi chimafuna miyezi isanu ndi umodzi kufikira chaka. Ngati mulibe ya mabotolo asanu ndi limodzi oyamba, musayambe kaye.

Ena amafunsa ngati angamapake kamodzi pa tsiku kuti botolo lifike miyezi iwiri. Malangizo a opanga amati kawiri, ndipo kafukufuku wambiri wa amuna adachitika pa mlingo umenewo. Komabe maganizo anga ndi oti kupaka kamodzi usiku uliwonse osadumphitsa kuli bwino kusiyana ndi kupaka kawiri mwezi uno, mwezi wamawa osapaka chifukwa malipiro achedwa. Chomwe sindivomereza n'kuthira madzi kapena spiriti m'botolo kuti achuluke. Kuthira wambiri pamutu nakonso sikufulumizitsa kanthu, kumangomaliza botolo msanga.

Amene amapindula kwambiri ndi mwamuna wosafika zaka 40, amene tsitsi langoyamba kupyapyala paliwombo zaka zochepa zapitazo. Pamphumi, m'makona muja, amathandiza pang'ono. Pomwe pasalala n'kumanyezimira kwa zaka zambiri mizu idafa kale, ndipo palibe chopaka chomwe chingaidzutse. Palinso amuna ena omwe khungu lawo silitha kusandutsa minoxidil kukhala mtundu womwe umagwira ntchito pamuzu, moti atha kupaka mokhulupirika chaka chonse osaona kanthu. Kwa ambiri phindu lenileni si tsitsi la unyamata kubwerera, koma dazi kuima pomwe lafika ndi kudzadza pang'ono.

Kapakidwe kake n'kosavuta, koma m'pomwe ambiri amalakwitsa. M'bokosi mumakhala kachubu kagalasi kapena kapulasitiki kokhala ndi mzere wolembedwa 1 ml. Kokani mankhwala mpaka pamzerewo. Mutu ukhale wouma komanso wopanda Vaseline kapena mafuta ena odzola, chifukwa mafuta amatseka njira. Dontheza dontheza pakhungu penipeni, osati patsitsi, kenaka falitsani ndi nsonga za zala n'kusamba m'manja ndi sopo. Apa ife ometa tsitsi lalifupi tili ndi mwayi, mankhwala amafika pakhungu mosavuta. Pakhale maola anayi musanasambe m'mutu, ndipo usiku pakani maola awiri musanagone kuti aume, apo ayi amapita pa pilo, kuchoka pa pilo n'kufika pa tsaya lanu kapena la mayi akunyumba, n'kumeretsa ubweya posafunika. Wa kabaza wovala helemeti ndi wapolisi kapena msilikali wovala chipewa tsiku lonse adikire mutu uume asanavale. Nyengo ya mvula, poti ya kuno ku Zomba sichenjeza, ndi bwino mlingo wa m'mawa upakidwe molawirira. Tsiku lomwe mwametedwa ndi lezala kapena mashini akuchekani, dumphitsani mpaka pachilonda papole. Ndipo tsiku loyamba jambulitsani paliwombo ndi foni, mutaima pa windo, tsitsi litangometedwa kumene. Bwerezani miyezi itatu iliyonse pa windo lomwelo. Galasi la tsiku ndi tsiku silingakuuzeni zoona.

Vuto lofala ndi kuyabwa ndi kufunduka kwa khungu ngati mfundu. Nthawi zambiri wolakwa ndi propylene glycol, madzi omwe amasungunulira mankhwalawa. Mtundu wa thovu ulibe chinthu chimenechi, koma umakonda kukwera mtengo. Mukamva mtima kugunda mothamanga, chizungulire, kupweteka pachifuwa kapena mapazi kutupa, siyani ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo, paja awa adayamba ngati mankhwala a BP. Amene ali ndi vuto la mtima kapena akumwa kale mankhwala a BP ayambe afunsa dokotala, ndipo wosafika zaka 18 asagwiritse ntchito. Botolo likhale patali ndi ana, chifukwa mwana akamwa ngakhale pang'ono BP imatsika moopsa. Likhalenso patali ndi mbaula ndi kandulo poti muli spiriti woyaka, komanso patali ndi mphaka, amene amatha kufa atangonyambita madontho ochepa. Anyamata a pa Chanco ndi m'makoleji ena omwe akupaka pachibwano kuti ndevu zidzadze adziwe kuti mankhwalawa sadaloledwere ntchito imeneyo.

Za kogula. Bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, PMRA, ndilo limapereka ziphaso kwa ogulitsa mankhwala m'dziko muno, ndipo famase yovomerezeka imapachika chiphaso chake poonekera. Mabotolo olembedwa Kirkland, omwe enieni ake amagulitsidwa m'masitolo a Costco kunja, ndi ena mwa omwe akuba amakonda kupanga achinyengo. Botolo likhale lomata, lolembedwa minoxidil 5%, nambala ya batch ndi tsiku lothera mphamvu. Wogulitsa wongofuna mutumize ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money, osanena komwe kuli shopu yake, ndipo mankhwala ake ali m'kabotolo kopanda dzina, mulekeni. Mafuta a nsatsi, anyezi ndi zosakaniza zina za pamsika zingafewetse tsitsi, koma palibe umboni woti zimabweza dazi.

Musanawononge ndalama, tsimikizani kaye kuti ndi dazi lakumtundu. Ilo limabwera pang'onopang'ono, pa zaka, mopanda ululu, kuyambira m'makona a mphumi kapena paliwombo. Tsitsi likachoka mozungulira ngati ndalama yachitsulo, pena pali mamba ndi kuyabwa, chingakhale chipere, chomwe chimafuna mapiritsi akumwa. Likachoka timagawo timagawo mutu wonse, tiyezetse chindoko. Likayoyoka paliponse miyezi iwiri kapena itatu munthu atadwala kwambiri malungo kapena taifodi, nthawi zambiri limabwerera lokha. Kuchepa kwa magazi ndi matenda a chithokomiro nazonso zimathothola tsitsi. Tizilonda tolimba ta kunkhongo tomwe timavuta amuna ometa mpala pafupipafupi ndi matenda ena, ndipo minoxidil amangowonjezera kuwawa. Zonsezi akhoza kukuonani ku Zomba Central Hospital kapena pa chipatala chaching'ono cha kwanuko.

Alipo mapiritsi otchedwa finasteride, a 1 mg, omwe adaloledwa pa dazi mu 1997. Awa ndiwo amachepetsa DHT weniweniyo, ndipo akaphatikizidwa ndi minoxidil zotsatira zimaposa za mankhwala amodzi. Amafuna kalata ya dokotala. Mwa amuna ochepa amachepetsa chilakolako ndi mphamvu za m'banja, mayi woyembekezera sayenera kugwira piritsi losweka, ndipo amatsitsa ndi pafupifupi theka zotsatira za PSA, kuyeza kwa magazi kofufuza khansa ya prostate, choncho okuyezani ayenera kuuzidwa kuti mukumwa. Nawonso mukasiya, dazi limapitiriza ulendo wake, ndiye muwawerengere ka 12 chimodzimodzi.