Maola a chilango cha khoti sagulidwa pa intaneti

Uthenga uwu umangobwererabwerera m'magulu a WhatsApp a abale athu okhala ku England. Akuti khoti likakulamulani kugwira ntchito yothandiza anthu popanda malipiro, mungolipira webusaiti inayake, muonere mavidiyo, mulandire satifiketi, basi maola atha.

Limeneli ndi bodza. Ku England ndi Wales khoti limagamula maola 40 mpaka 300, ndipo okupatsani ntchito ndi kulemba maolawo ndi a Probation Service, nthambi ya boma yoyang'anira anthu ogwira chilango kunja kwa ndende. Ntchitoyo ndi monga kutola zinyalala, kupenta makoma, kulambula tchire. Maphunziro a pa intaneti amawerengedwa pokhapokha ofisa wanu wa ku Probation Service atavomereza, komanso ndi gawo lochepa chabe la maolawo. Satifiketi yogula ilibe ntchito. Maola akapanda kukwana amakubwezani kukhoti, komwe chilango chikhoza kukula.

Musanalipire kalikonse, werengani chikalata cha chigamulo, kenako mufunse ofisayo, akuyankheni polemba. Chonde, uthenga wabodzawu musautumizenso kwa ena.