M'memo wa amayi si miseche

Mayi akalowa m'chipinda changa akudandaula mutu, kusowa tulo ndi mtima kuthamanga, pali funso limene amadabwa nalo. Ndimamufunsa kuti, "Masana mumadya ndi ndani?" Akayankha kuti "Ndekha, anesi, anzanga ndinawasiya kale," ndimakhazikika pampando, chifukwa ndimadziwa kuti nkhani yathu italika.

Ndine namwino wa matenda a maganizo, ndipo ndatopa nawo mawu akuti amayi akazungulira mbale ndiye kuti miseche yayamba. Ndawamva kwa apongozi, kwa akuluakulu a mpingo, koma makamaka kwa abambo operekeza akazi awo. "Ndinawaletsa ndine, kumeneko amangophunzitsana mwano." Akuyankhula choncho mkazi ali pambali, maso pansi, chitenje chikuzungulira m'chiuno kawiri chifukwa cha kuonda.

Amene anauonapo m'memo wa amayi a mumsika akudziwa zimene ndikunena. Wina wabweretsa ufa, wina usipa, wina nkhwani ndi nsinjiro, wa tomato watola ofewa amene sagulika. Mbaula yayaka kuseri kwa benchi. Nsima ikapsa asamba m'manja m'beseni limodzi, wina akutema mbamu uku akuyang'anira kaunjika wa mnzake, ndipo kuseka kwake kumamveka mpaka kumaminibasi. Kumaofesi ndi chimodzimodzi, makontena atsegulidwa pa desiki imodzi, futali wa uyu wakumana ndi nyemba za uyo. Chisangalalo chimenechi chokha ndi chifukwa chokwanira, sichifunika chilolezo cha nesi. Mayi amene wakhala akuphikira ena kuyambira mbandakucha, pamenepa ndi pamene amadya chophika mnzake, atakhala pansi, popanda womutuma mchere.

Koma pali china chimene ine ndimachiona ndi maso a ntchito. Wodwala ndimakhala naye mphindi zochepa, pamzere pali ena. Mnzako wodya naye tsiku ndi tsiku amadziwa kuti umamaliza mitanda iwiri, ndiye ukatema kawiri n'kusamba m'manja, iye waona. Amaona amene wayamba kumwa madzi chikho ndi chikho n'kumathamangira kuchimbudzi, mwina ndi shuga. Amaona woyembekezera amene akubudula dothi, mwina magazi achepa. Ndi pambale pomwepo pamene wina amanong'ona kuti, "Achemwali, ine ndikutaya magazi tikakhala malo amodzi ndi bambo a kunyumba," mnzake n'kumukokera kokayezetsa khansa ya khomo la chiberekero, imene imapha amayi ambiri m'dziko muno kuposa khansa ina iliyonse. Mawu ngati amenewo mayi sawauza apongozi ake.

Pali mtsikana wina amene nkhani yake siichoka m'mutu mwanga. Ankagulitsa ndiwo zamasamba, ndipo pa m'memo wawo ndiye anali woseketsa anzake. Atabereka mwana woyamba anabwerera kumsika, koma anayamba kudya motembenukira kumbali, kenako kunena kuti wakhuta, kenako osabweranso. Anzake anati wayamba kunyada. Ena anati amuna ake amuletsa, za m'banja sitilowerera. Kunyumba ataona kuti akulira popanda chifukwa ndipo mwana akalira sakumunyamula, anati amulodza. Anapita naye kwa sing'anga, anatemedwa mphini. Anapita naye kwa wina wodzitcha mneneri amene anawagulitsa madzi a m'botolo n'kumulamula kusala kudya, mayi woyamwitsa, amene kale sankadya n'komwe! Miyezi inayi inatha choncho. Anafika kwa ife usiku, atayesa kudzichotsa moyo, mwana ali wonyentchera moti anagonekedwa ku wodi ya ana.

Mayiyo anachira, mwananso anachira. Chimene chimandipweteka ndi mawu a mnzake wina amene anabwera ndi phala m'kontena tsiku lachitatu. Anandigwira dzanja pakhonde n'kunena kuti, "Anesi, ine ndinaona sabata yoyamba yomwe kuti mbale yake ikubwerera ndi nsima. Ndinangoopa kufunsa." Matendawa anawaona iye, miyezi inayi ine ndisanamuone wodwalayo.

Kukhumudwa kwa mayi akabereka ndi matenda, si ulesi, si ufiti, si kuchepa kwa chikhulupiriro. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati m'maiko osauka pafupifupi mayi mmodzi mwa amayi asanu amene angobereka kumene amakumana ndi vuto la maganizo, kawirikawiri kukhumudwa kumeneku. Kulira pang'ono masiku oyamba kumachitika ndipo kumatha kokha. Koma zikapitirira masabata awiri, mayi sakudya, sakugona ngakhale mwana atagona, sakusangalala ndi zimene ankakonda, akudzinena kuti ndi wachabechabe, musadikire kuti mwana ayambe kukwawa. Akayamba kumva mawu a anthu amene palibe, kuyankhula zosagwirizana, kapena kutchula za imfa yake kaya ya mwana, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo ndipo asatsale yekha ngakhale kanthawi kochepa. Anthu amaopa kuti tikamutumiza ku Zomba. Ambiri safika n'komwe kumeneko, amathandizidwa kuchipatala cha m'boma lawo, ndipo ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kulinso zipatala za matenda a maganizo za St John of God. Mankhwala ake amatenga masabata angapo kuti ayambe kuoneka mphamvu, ndiye musamusiyitse patatha masiku asanu chifukwa wina walonjeza kuchiza usiku umodzi. Kupemphera pempherani, inenso ndimapemphera. Koma aliyense wouza mayi woyamwitsa kuti asale kudya kapena ataye mankhwala a kuchipatala, muthaweni.

Kuti kucheza ndi mankhwala si maganizo anga ndekha. Ku Harare, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench mu 2006, agogo aakazi ophunzitsidwa kumvetsera atakhala pabenchi panja pa chipatala, ndipo kafukufuku amene anatuluka mu 2016 anaonetsa kuti odwala amene anacheza nawo anapeza bwino kuposa amene analandira chithandizo cha masiku onse. Ife benchi tili nalo kale, pa m'memo, ku banki m'khonde, ku Mvano ndi ku Chigwirizano. Chikutisowa ndi kulimba mtima kofunsa.

Abambo, ola limodzi la masana muwasiyire akazi anu. Amayi anzanga, mnzanu akasowa pambale masiku atatu, musamukambe kumbali. Pakulani nsima yake, muvundikire, mumutsatire kunyumba, mukhale naye pamphasa mpaka adye. Akati ali bwino, mufunseni kachiwiri, ndipo ngati yankho silikukukhutiritsani, mawa lake mumuperekeze kwa ife.