Kukaperekeza omenyera ufulu wa anthu kunja: mafunso ndi mayankho pa ntchito ya PBI

Bungwe la Peace Brigades International, lomwe ambiri amangolitcha PBI, limatumiza anthu ongodzipereka kumayiko kumene omenyera ufulu wachibadwidwe amaopsezedwa ndi kuphedwa. Linakhazikitsidwa mu 1981 pachilumba cha Grindstone ku Canada, potengera maganizo a Mahatma Gandhi olimbana ndi nkhanza popanda chida.

Kodi munthu wopanda mfuti angateteze bwanji mnzake?

Pongokhala pambali pake, poyera. Amene amalamula kuti loya kapena mtsogoleri wa alimi asowetsedwe amayamba wawerengera zotsatira zake. Akaona kuti munthuyo akuyenda ndi mlendo wovala chovala cha chizindikiro cha PBI, amadziwa kuti nkhaniyo sithera pamudzipo: ifika kwa akazembe, kwa aphungu a mayiko ena ndi kwa atolankhani tsiku lomwelo. N'chifukwa chake odziperekawa sabisala. Asanapite kudera lililonse amadziwitsa apolisi, asilikali ndi akuluakulu a boma kuti akubwera, ndiponso kuti akuperekeza ndani. Chimene chimateteza si thupi la mlendoyo ayi, koma khamu la anthu ali kumbuyo kwake okonzeka kuimba mafoni ndi kulemba makalata.

Njira imeneyi inakhwima ku Guatemala, kumene PBI inafika mu 1983. Chaka chotsatira amayi omwe abale awo anasowetsedwa anayambitsa gulu la Grupo de Apoyo Mutuo, ndipo ankakumana m'nyumba ya PBI. Atsogoleri ena a gululo ataphedwa mu 1985, odziperekawo anayamba kukhala ndi otsalawo usana ndi usiku.

Nanga tsiku ndi tsiku amachita chiyani?

Zambiri ndi zosasangalatsa kwenikweni. Kukhala pabenchi ku ofesi ya bungwe loopsezedwa, kumvera milandu kukhoti, kukwera basi ulendo wautali ndi loya wopita kumudzi, kenako kulemba malipoti. Pamwamba pa izo pali misonkhano, chifukwa ku PBI kulibe bwana wogamula yekha. Gulu limakambirana mpaka onse agwirizane. Anthu amenewo ndi omwenso mukukhala nawo nyumba imodzi chaka chonse. Wokonda kuchita zake payekha aganize kawiri.

Amagwira m'mayiko ati?

Ntchito yaikulu ili ku Colombia, kumene anayamba mu 1994. Aliponso ku Guatemala, Mexico ndi Honduras, ndipo mu 2013 anatsegula ntchito ku Kenya, yothandiza omenyera ufulu a m'makwalala osauka a Nairobi monga Mathare. Amapita kokha kumene eni nthaka awaitana.

Ndani angafunsire?

Kawirikawiri amafuna munthu wa zaka 25 kapena kuposerapo, wokonzeka kukhala chaka chathunthu, ndipo ku Colombia nthawi imatalikirapo. Kumayiko a ku Latin America muyenera kulankhula bwino Chisipanishi, osati cha moni wokha, chifukwa mudzayenera kukambirana ndi mkulu wa asilikali pamalo ofufuzira magalimoto. Abale athu a ku Tete ndi Niassa olankhula Chipwitikizi sangavutike kwambiri kuchiphunzira. Mukalemba kalata yofunsira pamabwera kucheza nanu, zowerenga za kunyumba, kenako maphunziro a masiku angapo pamene iwo amakuyesani, nanunso n'kudziyesa. Simutumizidwa kukagwira ntchitoyi m'dziko lanu lomwe.

Pali malipiro?

Salipira ngati ntchito yolembedwa. Amakupatsani pogona, chakudya, inshuwalansi ya chipatala, thandizo la ulendo ndi kandalama ka m'thumba. Ngati kumudzi akudalira inu pa fizi ndi feteleza, imeneyi si njira yopezera ndalama.

Ndingachite nawo zionetsero kapena kulangiza amene ndikuwaperekeza mmene angamenyere nkhondo yawo?

Ayi, ndipo lamuloli ndi lomwe limavuta ambiri. Kwathu timati mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma kuno kalumoko mumakasiya m'thumba. Simunyamula chikwangwani, simupereka ndalama, simulowerera zokambirana za bungwe lomwe mukuliperekeza, ndipo simutenga mbali pa ndale. Boma likangokuonani ngati wotsutsa, limakulandani chilolezo chokhalira m'dzikomo, ndipo amene mumamuperekeza amatsala yekha. Ine ndimaona kuti lamuloli lili ndi ulemu wakenso: nkhondoyo ndi ya eni ake, omwe adzatsalabe komweko inu mutakwera ndege.

Si zoopsa zimenezi?

N'zoopsa ndithu. Mu 1989 nyumba ya PBI ku Guatemala inaponyeredwa bomba, ndipo chaka chomwecho odzipereka atatu anabayidwa ndi mipeni. Ku El Salvador, mu Novembala chaka chomwecho, asilikali anagwira Karen Ridd wa ku Canada ndi Marcela Rodríguez wa ku Colombia. Atamumasula Ridd, iye anakana kutuluka popanda mnzakeyo, mpaka onse awiri anatulutsidwa.

Kodi wa pasipoti ya Malawi kapena Zambia angateteze munthu ngati mmene angachitire mzungu?

Nkhani ya Ridd ikuonetsa poyera kuti asilikali sayesa mapasipoti onse mofanana, ndipo PBI yenyewe yakhala ikukambirana za vutoli. Komabe odzipereka ambiri tsopano amachokera ku Latin America komweko, poti mphamvu ili m'dzina la bungwe ndi akazembe amene limalumikizana nawo. Chovuta chenicheni kwa ife chimakhala ziphaso zolowera m'mayikowo ndi ndalama yopitira kumaphunziro oyamba aja, choncho funsani za zimenezi musanadzaze fomu.