Liwombo likalowa, vuto ndi madzi: bwerani ku maphunziro a kaleredwe ka ana

Mvula ikayamba, ana otsegula m'mimba amachuluka. Ambiri amafika kuchipatala atafooka kale, pamutu atawapaka zakudazakuda za liwombo, masiku awiri kapena atatu atapita. N'chifukwa chake tikupempha makolo kuti azibwera ku maphunziro a kaleredwe ka ana omwe amachitika kusikelo, m'magulu a amayi m'midzi ndi m'sukulu za mmera mpoyamba. Salipiritsa.

Kumeneko timaphunzitsana kuyamwitsa mwakathithi kwa miyezi 6, kuphika phala lokhala ndi magulu 6 a zakudya (nsinjiro, usipa wosinja, masamba, kamafuta pang'ono ndi chipatso pambali), katemera, kusamba m'manja ndi sopo, kusewera ndi kucheza ndi mwana akadali wakhanda, ndiponso kumulangiza osamumenya. Zonsezi n'zofunika, koma yomwe ikutisowetsa tulo ndi ya liwombo.

Liwombo si matenda. Mwana aliyense amabadwa nalo. Ndi mpata umene mafupa a mutu amasiya kuti mutu udutse bwino pobadwa, ubongo upeze malo okulira. Limatsekeka lokha, kawirikawiri mwana ali ndi chaka kapena chaka ndi theka. Kugunda kumene mumakuona pamenepo kumatsata kugunda kwa mtima. Silifuna chopaka, chomwetsa kapena chomangirira m'khosi.

Likalowa mkati ngati kambale, ndiye kuti madzi akutha m'thupi. Tizirombo ta m'madzi osatetezedwa, m'manja osasamba, m'ziwiya kapena tobwera ndi ntchentche tamutsegula m'mimba, mwinanso akusanza. Yang'anani zina: maso olowa, kulira kopanda misozi, m'kamwa mouma, thewera losanyowa kwa maola 6. Tsinani khungu la pamimba n'kulisiya. Likachedwa kubwerera, nyamukani. Mankhwala opaka pamutu sabweza ngakhale dontho limodzi la madzi, ndipo omwetsawo amangowonjezera tizirombo m'mimba yodwala kale. Khanda likhoza kumwalira ndi kutha madzi pasanathe tsiku.

Kunyumba ndi panjira chitani izi. Sambani m'manja. Thirani paketi yonse ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi owiritsa n'kuzizira kapena othira klorini. Lita ndi mabotolo awiri a 500 ml. Musachepetse madzi poganiza kuti mankhwala akhala amphamvu. Mchere ukachuluka umamuvulaza mwana. Musawonjezere shuga. Mwana wosakwana zaka 2 amwe kota kapena theka la kapu nthawi iliyonse akatsegula, wopitirira apo theka kapena kapu yodzaza. Mwetsani ndi supuni, pang'onopang'ono. Akasanza, dikirani mphindi 10 n'kuyambiranso. Wotsala akatha maola 24 mutaye, musungunule wina.

Zinki, mapiritsi operekedwa limodzi ndi Thanzi, mwana amamwa kamodzi patsiku kwa masiku 10 mpaka 14, monga akuuzirani kuchipatala: theka la piritsi kwa wosakwana miyezi 6, piritsi lathunthu kwa wopitirira. Apa ambiri amalakwitsa, amasiya tsiku lachitatu poona kuti chimbudzi chalimba. Malizitsani, chifukwa zinki amateteza kuti matendawa asabwererenso msanga. Bere lisasiyidwe, ndipo aziyamwa pafupipafupi kuposa kale.

Mwana akakanika kuyamwa kapena kumwa, akamasanza chilichonse, akakomoka, akafooka osadzuka, kapena chimbudzi chikakhala ndi magazi, musadikire kuti kuche. Khanda losakwana miyezi 2 likadwala mulimonse, n'kuchipatala tsiku lomwelo. Liwombo lotukuka mwana ali chete, thupi likutentha, likhoza kukhala chizindikiro cha matenda oumitsa khosi. Nalonso si la kwa asing'anga.

Katemera wa rota, woteteza ku kachirombo kotsegula m'mimba, yemwe anayamba kuperekedwa m'Malawi mu 2012, mwana amalandira ali ndi milungu 6 ndi 10. Amateteza kwambiri, koma satseka mitundu yonse ya kutsegula m'mimba, choncho Thanzi azikhalabe m'nyumba.

Tsono abambo ndi agogo, tikunena ndi inu. Pa maphunzirowa pamadzaza amayi okhaokha, chonsecho mwana akadwala usiku, wonena kuti "tiyambe taona mankhwala a liwombo" kawirikawiri ndi agogo, ndipo ndalama ya kabaza ili m'thumba mwa abambo. Mayi angadziwe zonse talemba pano, koma kutsutsana ndi apongozi pakati pa usiku si chapafupi. Agogo analera ana ambiri, sitikukana, ndipo nzeru zawo timazifuna pagulupo. Abwere adzaone ndi maso awo kasungunulidwe ka Thanzi, adzafunse za liwombo pamaso pa onse.

Funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu tsiku ndi malo a maphunziro otsatira. Pobwera tengani buku la kuchipatala la mwana ndi botolo loyera la 500 ml loti tidzayezere limodzi.